Barbara Jordan: Kuchokera ku Seneti ya Texas Kukafika ku Washington

Anthu a ku America akamakumbukira Mayi Barbara Jordan, chimene amayamba kutchula ndi mawu awo. Anali mawu akuya ndi olemera, otuluka mosathamanga, liwu lililonse likumveka palokha. Usiku wa pa 25 Julaye 1974 mawu amenewo analowa m'nyumba za anthu mamiliyoni kudzera pa wailesi yakanema, pamene komiti ya aphungu yoona zamalamulo ku Washington inkakambirana ngati Pulezidenti Richard Nixon anali woyenera kuimbidwa mlandu woti achotsedwe pampando. Phungu wachikudayu, amene anali asanathe zaka ziwiri m'nyumbayo, anadzuka m'mawa mwake dziko lonse likudziwa dzina lake. Koma kutamanda mawu okhawo n'kuwamana mayiwa ulemu umene ukuwayenera. Odziwa kulankhula analipo ambiri m'ndale za nthawi imeneyo, ndipo ochuluka a iwo sanasiye lamulo lililonse loti munthu angaliloze. Chimene chinasiyanitsa Mayi Jordan ndi luso limene anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba yaing'ono ya malamulo ku Austin asanapite ku likulu la dziko: kudziwa malamulo oyendetsera zokambirana kuposa eni nyumba, kuwerenga mavoti bilu isanafike povotera, ndi kukhala pansi ndi anthu amene sankawafuna mpaka anthuwo atakweza dzanja kumbali yawo. Luso limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo tiuona osaubisa.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mmene dziko la United States limapangira malamulo, pakuti n'zosiyana ndi kwathu kumene Nyumba ya Malamulo ndi imodzi yokha. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, makhoti ake, ndi nyumba yake ya malamulo imene imalamula za sukulu, misewu, apolisi, ntchito ndi kayendetsedwe ka zisankho. Pamwamba pa zonsezi pali Congress ya ku Washington, ya nyumba ziwiri: ya aphungu 435 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, ndi Seneti ya maseneta 100. Chigawo cha Texas nacho chili ndi nyumba ziwiri, ya aphungu 150 ndi Seneti ya anthu 31 okha, ndipo nyumbazi zimakumana kamodzi pa zaka ziwiri kwa masiku osapitirira 140. Masiku ochepa chonchi amachititsa kuti nthawi ikhale chida. Bilu ikachedwetsedwa milungu iwiri kumapeto kwa nkhumano, yafa basi, ndipo iyenera kudikira zaka zina ziwiri.

Barbara Jordan anabadwa pa 21 Febuluwale 1936 mumzinda wa Houston, m'dera la anthu akuda lotchedwa Fifth Ward. Bambo awo, a Benjamin Jordan, ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ndipo analinso mlaliki wa mpingo wa Baptist. Anaphunzira pa sekondale ya Phillis Wheatley, kenako pa Texas Southern University, sukulu imene boma la Texas linakhazikitsira anthu akuda pofuna kuti asalowe pa yunivesite ya azungu ku Austin. Kumeneko analowa gulu la mtsutso limene ankaliphunzitsa a Thomas Freeman, ndipo anamaliza mu 1956. Digiri ya zamalamulo anakaitenga ku Boston University mu 1959. Atabwerera kwawo anayamba uloya pa tebulo lodyera m'nyumba ya makolo awo, ndipo mu 1960 anadzipereka kuthandiza kampeni ya upulezidenti ya John F. Kennedy ndi Lyndon Johnson a chipani cha Democratic. Ndale anazilowera pamenepo.

Mu 1962 anapikisana nawo pa mpando wa uphungu wa nyumba ya Texas ndipo anagwa. Mu 1964 anayesanso, nagwanso. Aliyense amene amakhulupirira kuti mawu ndiwo anakweza mayiwa ayime kaye pa zisankho ziwirizi, chifukwa mawu anali omwewo, nzeru zinali zomwezo, ndipo anthu ankadzaza m'matchalitchi kudzawamvera. Chimene chinawagwetsa chinali kadulidwe ka malire. Nthawi imeneyo aphungu onse a boma la Harris, mmene muli Houston, ankasankhidwa ndi ovota a boma lonselo pamodzi, kotero kuti ngakhale anthu akuda onse akanavotera munthu mmodzi, mavoti awo ankamira m'mavoti a azungu amene anali ochuluka. Kuwonjezera apo, munthu ankayenera kulipira msonkho kuti aloledwe kuvota, zimene zinkatsekereza amphawi ambiri. Zinthu zinasintha kuchokera kukhoti. Mu 1964, pa mlandu wa Reynolds v. Sims, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti madera a aphungu m'zigawo azikhala ndi chiwerengero cha anthu chofanana, kuti voti ya munthu wa m'tauni isapepuke kuposa ya wa kumudzi. Texas inakakamizika kudulanso malire, Houston inalandira mipando yatsopano ya Seneti, ndipo msonkho wa voti unathetsedwa mu 1966. Chaka chomwecho Mayi Jordan anapambana m'dera la nambala 11, nakhala munthu wakuda woyamba kulowa mu Seneti ya Texas kuyambira 1883, komanso mayi wachikuda woyamba m'mbiri yonse ya nyumbayo. Phunziro limene anatola pamenepa linawatsogolera moyo wawo wonse wandale: amene wagwira cholembera chodulira malire ndi cholembera cha malamulo a zisankho ali ndi mphamvu kuposa amene wagwira chimkuzamawu.

Mu Januwale 1967 analowa m'chipinda cha amuna 30, pafupifupi onse achizungu, ambiri a iwo okulira m'tsankho ndipo ena oliteteza poyera. Apa panali njira ziwiri. Akanatha kuimirira tsiku lililonse kudzudzula nyumbayo, nyuzipepala zikanawalemba, anthu a ku Fifth Ward akanawaombera m'manja, ndipo palibe akanati akunama. Iwo anasankha njira ina, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo a nyumbayo. Mu Seneti ya Texas ya masiku amenewo bilu sinkakambidwa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a maseneta atavomera kuti ilumphe mzere, kutanthauza anthu 21 mwa 31. Choncho maseneta 11 okha ankatha kupha bilu iliyonse, ndipo wofuna kudutsitsa yake ankafunika anzake 20. Maseneta ogwirizana ndi maganizo a Mayi Jordan sankafika chiwerengero chimenecho. Masamu ake anali osavuta: popanda mavoti a anthu osagwirizana nawo, palibe chimene chikanadutsa. Choncho anayamba ndi kukhala chete. Anaphunzira buku la malamulo a zokambirana mpaka kulidziwa bwino, anaonetsetsa mmene akuluakulu monga Dorsey Hardeman wa ku San Angelo, katswiri wa malamulowo amene ndale zake zinali kutali ndi zawo, ankagwiritsira ntchito ndime iliyonse, ndipo ankalankhula kamodzikamodzi pa nkhani imene aikonzekera mokwanira. Ankapita kumacheza a maseneta anzawo, nadya nawo, naimba nawo. Pakutha pa nkhumano yoyamba, amuna aja anawasankha kukhala seneta watsopano amene wachita bwino koposa.

Chipatso chachikulu cha njira imeneyi chinali lamulo la malipiro otsikitsitsa. Mu 1966 anthu ogwira ntchito m'minda ya kuchigwa cha Rio Grande, ambiri a iwo ochokera m'mabanja a ku Mexico, anayenda pansi mtunda wa makilomita mazanamazana kupita ku Austin kukapempha kuti pakhale lamulo loti munthu asalipidwe zochepera $1.25 pa ola. Bwanamkubwa John Connally anakumana nawo panjira pafupi ndi New Braunfels nawauza kuti saitanitsa nyumba ya malamulo pa nkhani imeneyo. Patapita zaka zitatu, mu 1969, Texas inakhazikitsa lamulo lake loyamba la malipiro otsikitsitsa, ndipo Mayi Jordan, amene anadzakhalanso wapampando wa komiti yoona za ntchito, anali mmodzi mwa amene analikankha mu Seneti. Anathandizanso kukweza chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito. Wotsutsa anganene kuti lamulolo linali lofooka, ndipo sakulakwa: $1.25 inali pansi pa $1.60 imene boma la ku Washington linali litaika kale m'ntchito zimene linkaziyang'anira, ndiponso magulu ambiri a antchito anasiyidwa kunja kuti bilu ipeze mavoti. Koma funso loyenera kufunsa n'lakuti, kodi pa tebulo panali lamulo lina labwino kuposa ili limene mayiwa analikana? Panalibe. Panali lamulo lofookali kapena kupanda lamulo, monga zinalili zaka zonse m'mbuyomo. Wotsuka mbale m'lesitilanti amene malipiro ake anakwera sakanapindula kanthu ndi bilu yangwiro yofera m'komiti.

Mu 1972 anzawo anawasankha kukhala wapampando wogwirizira wa Seneti, ndipo mwa mwambo wa ku Texas, pa 10 Juni chaka chimenecho anakhala bwanamkubwa wa chigawocho kwa tsiku limodzi. Unali mwambo chabe, koma anthu akuda anadza ndi mabasi kuchokera ku Houston kudzaonerera. Bambo awo anadwala mwadzidzidzi pa tsiku lomwelo ndipo anamwalira mawa lake.

Mlandu wolemera pa Mayi Jordan ukuchokera m'chaka cha 1971. Kalembera wa 1970 atatha, Houston inayenera kulandira mpando watsopano ku Congress, ndipo mayiwa anali wachiwiri kwa wapampando wa komiti ya Seneti yodula malire, pansi pa ulamuliro wa Ben Barnes amene ankatsogolera nyumbayo. Dera latsopano la nambala 18 linadulidwa mokomera iwo, lodzaza ndi anthu amene ankawavotera kale. Nthawi yomweyo dera lawo lakale la Seneti linagawidwa mwa njira yoti munthu wakuda zikanamuvuta kulipambana. Curtis Graves, phungu wachikuda wa nyumba ya Texas amene anasankhidwa chaka chimodzi ndi iwo ndipo ankadziwika ndi kulankhula mosaopa, anawaimba mlandu woti agulitsa mpando wa anthu akuda ku Austin kuti agule wawo ku Washington, ndipo anapikisana nawo pa zisankho zachipulula za 1972. Mayi Jordan anapambana ndi mavoti pafupifupi 80 pa 100 alionse. Koma kupambana chisankho sikuyankha mlandu, ndipo ine ndikuona kuti Graves anali ndi mfundo. Mayiwa atachoka, Seneti ya Texas inakhala zaka khumi yopanda munthu wakuda, mpaka Craig Washington atalowa mu 1983. Chimene tinganene powateteza n'chakuti mapu otsiriza a Seneti sanajambulidwe ndi iwo, koma ndi bungwe la akuluakulu a boma limene linatenga ntchitoyo nyumba italephera kugwirizana, ndiponso kuti mpando wa nambala 18 unakhalitsa: pambuyo pawo anaukhala Mickey Leland, Craig Washington ndi Sheila Jackson Lee, onse akuda. Komabe munthu amene ankadziwa bwino chotere mphamvu ya malire sangathe kunena kuti sanaone zimene zinkachitika. Walira mvula walira matope, ndipo matope a njira yawo anaonekera apa.

Mu Novembala 1972 anasankhidwa kupita ku Congress. Iwo ndi Andrew Young wa ku Georgia anali anthu akuda oyamba kusankhidwa kuchokera ku zigawo zakummwera zimene kale zinamenyera ukapolo, chichokereni phungu wachikuda George Henry White mu 1901. Zimene anachita atangofika zikusonyeza kuti sukulu ya ku Austin inali itawalowa. Ku Congress ntchito yeniyeni imachitikira m'makomiti, ndipo phungu watsopano amaponyedwa kulikonse kumene akuluakulu afuna. Mayi Jordan anapempha thandizo kwa Lyndon Johnson, pulezidenti wopuma wa kwawo ku Texas amene anawaitanapo ku White House, nyumba ya pulezidenti, mu 1967 kukamva maganizo awo pa za ufulu wa anthu. Johnson analankhula ndi Wilbur Mills, amene anali ndi mphamvu pa kagawidwe ka mipando ya m'makomiti, ndipo mayiwa analowa m'komiti ya zamalamulo. Johnson anamwalira pa 22 Januwale 1973, patangopita milungu yochepa mayiwa atalumbira. Iwo analowa m'gulu la aphungu achikuda, koma sanalole kuti likhale nyumba yawo yokhayo. Anadziphatika kwambiri kwa aphungu a ku Texas, amene panthawiyo anali ndi mipando yamphamvu m'makomiti angapo, chifukwa kumeneko n'kumene kunali mavoti.

Tsopano tibwerere ku usiku wa mu 1974 uja, tiuone ndi maso ena. Mu Juni 1972 anthu anagwidwa atathyola ofesi ya chipani cha Democratic m'nyumba ya Watergate, ndipo kafukufuku anasonyeza pang'onopang'ono kuti akuluakulu a ku White House ankabisa chiwembucho. Komiti ya zamalamulo ija, ya anthu 38, motsogozedwa ndi Peter Rodino, inapatsa membala aliyense mphindi 15 zoti alankhule. Chimene anthu ambiri amakumbukira ndi chiyambi cha mawu a Mayi Jordan, pamene ananena kuti malamulo aakulu a dzikolo atalembedwa mu 1787 munthu ngati iwo sanawerengedwe m'gulu la anthu ake, koma kuti kudzera m'kusintha malamulowo ndi m'zigamulo za makhoti anadzalowamo, ndipo sakanangokhala n'kumaonerera malamulowo akuphwanyidwa. Koma mbali yaikulu ya mphindi zimenezo inali ntchito ya loya. Anafotokoza kuti nyumba ya aphungu imangoimba mlandu ndipo woweruza ndi Seneti, kotero phungu safunika kutsimikiza kuti pulezidenti achotsedwe kuti avomereze kuti mlandu ulipo. Kenako anatenga zimene James Madison ndi Alexander Hamilton, amene analemba nawo malamulowo, komanso misonkhano ya zigawo imene inavomereza malamulowo ananena za zolakwa zoyenera kuchotsera mtsogoleri, naziika pambali pa zochita za Nixon chimodzichimodzi: ndalama zoperekedwa kwa ogwidwa aja, kuyesa kugwiritsa ntchito bungwe la akazitape la CIA kuti litsekereze kafukufuku wa apolisi a FBI, kukana kupereka matepi a zokambirana za ku White House amene komiti inaitanitsa. Sanatukwane munthu. Sanatchule n'komwe mmene adzavotere. Awa anali malankhulidwe a munthu wozolowera chipinda chimene womvera wofunika kwambiri ndi uja amene sakugwirizana nawe.

Wina anganene kuti mawu amenewa sindiwo anagwetsa Nixon, ndipo n'zoona. Pa 24 Julaye Khoti Lalikulu linali litalamula kale kuti matepi aperekedwe, ndipo tepi imene inatuluka pa 5 Ogasiti, yosonyeza Nixon akuvomereza chiwembu chotsekereza kafukufuku, ndiyo inamuthera anzake onse mpaka anatula pansi udindo pa 9 Ogasiti. Koma komiti inavota pa 27 Julaye, tepiyo isanamveke, ndipo mlandu woyamba unadutsa ndi mavoti 27 kwa 11, aphungu asanu ndi mmodzi a chipani cha Nixon atavota pamodzi ndi a Democratic. Ngozi yaikulu ya masiku amenewo inali yoti anthu aone nkhani yonseyo ngati chipani chimodzi chikubwezera chinzake chimene chinachigonjetsa pa chisankho cha 1972. Ntchito ya Mayi Jordan inali kusonyeza munthu wamba wokhala pa mpando kunyumba kwake kuti pali muyeso wolembedwa kalekale, wosayang'ana chipani, ndipo kuti zochita za pulezidenti zikhoza kuyezedwa pa muyesowo. Dziko likamachotsa mtsogoleri wake, kumvetsa kwa anthu kumeneku n'kofunika mofanana ndi umboni.

Ntchito imene ine ndimaiyesa yaikulu pa zonse inadza chaka chotsatira, ndipo ilibe usiku wa pa wailesi yakanema woikumbukira nawo. Lamulo la ufulu wovota la 1965 linali ndi ndime yamphamvu: zigawo zodziwika ndi tsankho sizinkaloledwa kusintha lamulo lililonse la zisankho, ngakhale kusuntha malo ovotera kapena kudula malire, popanda chilolezo cha boma la ku Washington. Koma muyeso wosankhira zigawozo unkayang'ana kumene kunali mayeso a kuwerenga ndi kulemba, ndipo Texas inapulumuka chifukwa inkatsekereza anthu ndi msonkho wa voti ndi njira zina. Lamuloli litafika poti liwonjezeredwe nthawi mu 1975, Mayi Jordan, pamodzi ndi Herman Badillo wa ku New York ndi Edward Roybal wa ku California, anakankha kuti muyesowo ukule: kumene nzika zoposa 5 pa 100 zilizonse za msinkhu wovota zili za chinenero china, koma mapepala a chisankho amasindikizidwa m'Chingerezi chokha ndipo ovota anali ochepera theka mu 1972, kumeneko nakonso kuyang'aniridwe. Ndime imeneyi inakola Texas yonse, pamodzi ndi Arizona ndi Alaska, ndipo inabweretsa mapepala ovotera a zinenero ziwiri kwa olankhula Chisipanishi, Amwenye a ku America, a ku Alaska ndi ochokera ku Asia. Akuluakulu a boma la Texas, a chipani chawo chomwe, anakana kwamtuwagalu. Mlembi wamkulu wa chigawocho, Mark White, anatsutsa poyera, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Austin inathamangira kupanga lamulo lake la zinenero ziwiri kuti ioneke ngati yakonza kale vutolo. Mayi Jordan sanabwerere m'mbuyo, ndipo Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulolo pa 6 Ogasiti 1975. Amene amati mayiwa anali womvera akuluakulu a Texas ayenera kufotokoza chaka chimenechi. Ubale umene anaumanga kwa zaka zambiri anaugwiritsa ntchito pa chinthu chimene akuluakuluwo ankachida koposa, ndipo opindula kwambiri sanali anthu a mtundu wawo okha.

Komabe chaka chomwecho anachita chinthu chimene ngakhale owakonda chinawavuta kumeza. John Connally, bwanamkubwa uja amene anabweza anthu a m'minda panjira, amene anatsutsapo mbali ya lamulo la ufulu wa anthu yoletsa tsankho m'mahotela ndi m'malesitilanti, ndipo pofika 1973 anali atalowa chipani cha Nixon, anazengedwa mlandu wolandira ziphuphu kuchokera kwa a makampani a mkaka. Mayi Jordan anavomera kukaimirira m'khoti ku Washington ngati mboni yonena za khalidwe lake, pamaso pa gulu la oweruza limene ambiri anali akuda, ndipo Connally anapezeka wosalakwa. Owateteza amati iwo anangonena zimene ankadziwa, kuti munthuyo sanawanamizepo, ndipo kuti ngakhale mdani pandale ayenera kuweruzidwa mwachilungamo. Mfundo imeneyi ndi yoona, koma sikwanira. Maloya a Connally sanawaitane chifukwa chosowa anthu ena omudziwa. Anawaitana chifukwa cha dzina limene anali atangolipeza miyezi ingapo m'mbuyomo monga mlonda wa malamulo, ndiponso chifukwa cha khungu lawo. Kubwereketsa dzina lotere kwa munthu wotere kunali kulipira ngongole ya ndale za ku Texas ndi chuma chimene sichinali chawo okha. Pamenepa sindiwaikira kumbuyo. Chimene ndikukana n'chakuti cholakwa chimenechi chifafanize lamulo la 1975, kapena ndime zoletsa tsankho zimene anaziika mu 1976 m'malamulo opereka ndalama za boma kwa apolisi ndi kwa maboma a m'zigawo, kapena lamulo limene anatsogolera lothetsa mwayi umene makampani anali nawo wolamula mitengo imene masitolo azigulitsira katundu wawo.

Pali kutsutsa kwina kozama kuposa konseku. Ena amati chitseko chimene mayiwa analowera sanachitsegule ndi luso lawo. Anachitsegula ndi anthu amene anamenyedwa pa mlatho wa ku Selma mu 1965, ndi maloya amene anakasuma milandu, ndi ana asukulu amene anamangidwa chifukwa chokhala pa mipando ya azungu. Popanda amenewo, Mayi Jordan akanapitiriza kugwa pa zisankho monga mu 1962 ndi 1964. Izi n'zoona kotheratu, ndipo mbiri ya mayiwa ndi umboni wake. Koma kutsutsaku kumalakwa pamene kukuganiza kuti ntchito ziwirizi n'zolimbana. Woyenda pamsewu amachititsa dziko manyazi mpaka livomere kuti zinthu zisinthe, koma kuvomera kumeneko kumauluka ngati palibe wokhala m'komiti wodziwa ndime yoyenera kusintha, chiwerengero choyenera kulemba, ndi seneta amene angakopeke lero. Anthu a m'minda anayenda mu 1966 nabwezedwa, ndipo lamulo linadza mu 1969 kudzera m'chipinda cha anthu 31. Popanda ulendo uja bilu sikanabadwa, ndipo popanda wowerenga mavoti sikanadutsa. Shirley Chisholm wa ku New York, amene nayenso anayambira m'nyumba ya malamulo ya chigawo chake asanalowe ku Congress mu 1969, anasankha kukhala wodzudzula wosagonja, ndipo dziko linkamufuna. Kuyeza Mayi Jordan ndi muyeso wa Chisholm n'kuiwala kuti wina anachokera ku Brooklyn ndipo wina anayenera kupeza mavoti 21 ku Austin.

Pa 12 Julaye 1976 anakhala mayi wachikuda woyamba kupereka mawu otsegulira msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic, ku Madison Square Garden mumzinda wa New York. Jimmy Carter atapambana upulezidenti, iwo ankafuna udindo wa mkulu wa zamalamulo m'boma, koma unapita kwa Griffin Bell. Kumapeto kwa 1977 analengeza kuti sadzaimanso, ndipo anachoka mu Januwale 1979 atakhala zaka zisanu ndi chimodzi zokha ku Congress. Kuyambira 1973 ankadwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, amene pambuyo pake anawakhazika pa njinga ya olumala, ngakhale sankakonda kuwatchula. Anapita kukaphunzitsa pa sukulu ya Lyndon B. Johnson ya University of Texas ku Austin, yunivesite imene ali mtsikana sakanaloledwa kuphunzirapo. Sanasiyiretu za dziko. Mu 1987 anakapereka umboni wotsutsa kusankhidwa kwa Robert Bork kukhala woweruza wa Khoti Lalikulu, analangiza Bwanamkubwa Ann Richards pa za khalidwe la akuluakulu a boma, ndipo m'zaka zawo zotsiriza anatsogolera bungwe lounika malamulo a anthu olowa m'dzikolo, limene linalangiza kuti chiwerengero cha olowa mwalamulo chichepetsedwe kufika pafupifupi 550,000 pachaka. Malangizo amenewo anakhumudwitsa ambiri mwa amene anawatamanda mu 1975, ndipo mpaka lero mbali zonse ziwiri za mkangano umenewo zimakokerana dzina lawo. Pulezidenti Bill Clinton anawapatsa mendulo yapamwamba ya ufulu mu 1994. Anamwalira pa 17 Januwale 1996 ali ndi zaka 59, ndipo anali mayi wachikuda woyamba kuikidwa m'manda a boma la Texas.

Amene akukayikabe ngati ndime youma ya m'lamulo ingapose mawu okoma a pa wailesi yakanema aone zimene zinachitika ndimeyo itachotsedwa. Kwa zaka 38 boma la Texas silinkatha kusintha malamulo a zisankho popanda kupempha, ndipo kambirimbiri mapu ndi malamulo ake ankabwezedwa. Mu 2012 khoti la ku Washington linakana lamulo la chigawocho lofuna kuti wovota aliyense azionetsa chiphaso cha mtundu wosankhidwa chokhala ndi chithunzi, poona kuti likanapweteka kwambiri amphawi, amene ambiri anali akuda ndi olankhula Chisipanishi. Pa 25 Juni 2013, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, Khoti Lalikulu linathetsa muyeso wosankhira zigawo zoyang'aniridwa ndi mavoti 5 kwa 4. Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mkulu wa zamalamulo wa Texas panthawiyo, Greg Abbott, analengeza kuti lamulo la ziphaso lija liyamba kugwira ntchito nthawi yomweyo.